Wogula preamp ya situdiyo ayambe wawerenga maiki

M'madera a Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona, situdiyo yojambulira nyimbo tsopano ndi geni ngati golosale kapena saluni. Ambiri amayamba ndi chipinda chimodzi cha lendi, laputopu, maiki imodzi ndi saundi khadi ya mabowo awiri monga Focusrite Scarlett 2i2. Zida zimenezi zimamukwanira mnyamata woimba yekha pa biti yopangidwa pa kompyuta. Zimachepa tsiku limene kwaya ya tchalitchi kapena bandi yabwera kudzafunsa mtengo. Gulu lotere limasonkherana ndalama ndipo limajambula nyimbo zingapo nthawi imodzi, choncho ndi kasitomala wosayenera kumubweza. Apa m'pamene mwini situdiyo amayamba kufunafuna preamp ya matchanelo ambiri.

Preamp ndi chipangizo chimene chimakweza mphamvu yochepa yochokera mu maiki kuti ifike pa mlingo wojambulika. Maiki iliyonse imafuna tchanelo chakechake ngati mawu ake akuyenera kukonzedwa paokha pambuyo pake. N'chifukwa chake wamalonda wanzeru amayamba ndi kuwerenga ntchito. Kwaya ili ndi soprano, alto, tenor ndi bass, maiki 4. Wotsogolera nyimbo afuna yake, yachisanu. Kiyibodi itenga matchanelo 2, gitala kapena ng'oma chimodzi. Zonse pamodzi matchanelo 8. Kwa situdiyo yambiri ya m'tauni muno, preamp ya matchanelo 8 ya mtengo wapakati ibweza mpamba msanga kuposa ya tchanelo chimodzi ya dzina lalikulu.

Alipo akadaulo amene amatsutsa zimenezi, ponena kuti preamp yodula imatulutsa mawu okoma kwambiri. Akunena zoona, koma kusiyanako kumamveka m'chipinda chotchingidwa bwino. M'nyumba ya malata yopanda siling'i, pafupi ndi chigayo ndi siteji ya akabaza a njinga zamoto, preamp yodula imakweza phokoso lomwelo limene yotchipa imakweza. Ndalama yotsalayo ikanagwira ntchito yooneka ikanapita ku siling'i, makatani okhuthala, kapeti ndi chitseko chotseka bwino.

Misampha pogula ilipo itatu, ndipo yonse imadya ndalama.

Woyamba ndi manambala a pa katoni. Scarlett 18i20 ilibe malo a maiki 18. Ili ndi preamp 8, ndipo matchanelo enawo amalowera m'njira za dijito. Scarlett 18i8 ili ndi preamp 4 zokha. Behringer UMC1820 ili nazo 8. Wogula awerenge yekha mabowo a XLR, aja a mapini atatu, asadalire dzina la modelo.

Wachiwiri ndi kalumikizidwe. Behringer ADA8200 ndi Focusrite Scarlett OctoPre ndi preamp za matchanelo 8, koma zilibe USB ndipo sizilumikizika ku laputopu pazokha. Zimatumiza mawu kudzera pa kachingwe ka kuwala kotchedwa ADAT kupita ku saundi khadi yomwe ili ndi polowera ADAT. Scarlett 2i2 ilibe polowera pamenepo. Amene ali ndi 2i2 akagula ADA8200 adzapeza kuti ali ndi zida ziwiri zosalumikizana. Iyeyo agule saundi khadi ya preamp 8 kaye, ndipo ADA8200 idzabwere pambuyo akafuna kufika pa matchanelo 16. Adziwenso kuti chingwe chimodzi cha ADAT chimanyamula matchanelo 8 pa 44.1 kapena 48 kHz, koma pa 96 kHz chimanyamula 4 okha. Zida ziwirizo ziyeneranso kuyendera wotchi imodzi, china chikhale chotsogolera, apo ayi m'nyimbo mumamveka kuthetheka.

Wachitatu ndi mikisa ya USB. Mikisa zambiri zazing'ono, monga Yamaha MG12XU, zimalandira maiki angapo koma zimatumiza ku kompyuta matchanelo 2 okha, mawu onse atasakanizidwa kale. Tenor akaphonya, palibe njira yomuchepetsera yekha. Mikisa za dijito monga Behringer XR18 zimatumiza tchanelo chilichonse pachokha. Imeneyi ndi yoyenera munthu amene amabwereketsanso zokuzira mawu pa maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mapemphero, chifukwa chida chimodzi chimapanga ndalama kawiri, Loweruka ku holo, mkati mwa sabata mu situdiyo.

Mtundu wa maiki nawo uli ndi gawo. Maiki za condenser zimafuna magetsi a 48V ochokera mu preamp, otchedwa phantom power. Za dynamic monga Shure SM58 sizifuna magetsi amenewa, koma zina monga Shure SM7B zimafuna preamp yokweza mpaka pafupifupi 60 dB. Preamp yofooka ikakwezedwa mpaka kumapeto imatulutsa kaphokoso konga mphepo, ndipo kasitomala amakamva.

Mtengo weniweni suthera pa sitika ya m'sitolo. Zida zimenezi zimachokera kunja, kaya Johannesburg, Dar es Salaam, Dubai kapena China, choncho zimatsata dola. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene dola inachoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Chida chimene chapsa lero chidzabwezeretsedwa pa mtengo wa mawa. Woitanitsa yekha aphatikize thiransipoti ndi msonkho wa MRA. Aphatikizenso zingwe 8 za XLR, masitandi ndi maiki enieniwo, chifukwa preamp ya matchanelo 8 yokhala ndi maiki awiri ndi mpamba wogona.

Magetsi akhale mu bajeti yomweyo. Kuno magetsi ndi a 230V, pamene zida zina zakale zochokera ku America ndi za 120V zokha, ndipo zikalumikizidwa mwachindunji zimapsa pompo. Kumbuyo kwa chida kumalembedwa mphamvu imene chimalandira. Magetsi a ESCOM akamathima n'kuyakanso, sitabilaiza ndi UPS zimateteza zida komanso nyimbo imene ikujambulidwa. Kwaya ya anthu 30 imene yalipira minibasi kuchokera ku Area 25 sidzabweranso ikataya tsiku lonse chifukwa mwini situdiyo analibe batire.

Zida zogwiritsidwapo kale ntchito, zogulitsidwa m'masitolo a ku Area 2 kapena pa Facebook ndi WhatsApp, zikhoza kukhala zabwino, koma safunsa anadya phula. Wogula apite ndi laputopu yake, maiki ya condenser, chingwe ndi mahedifoni. Ayese bowo lililonse, kuyambira 1 mpaka 8. Atembenuze nobu iliyonse n'kumvetsera ngati ikukhwekhwereza. Ayatse 48V. Aone ngati matchanelo onse akuoneka paokha pa kompyuta, komanso ngati madalaivala a chidacho akadalipo a Windows imene ali nayo. Wogulitsa amene akukana kuyesa, kapena kupereka lisiti yolembedwa nambala ya chidacho, asiyidwe ndi katundu wake.

Kenako pakhale masamu a geni. Mwachitsanzo, ngati zida zonse zadya K1,200,000 ndipo kwaya imodzi imasiya phindu la K80,000 lendi ndi magetsi zitachotsedwa, pafunika makwaya 15 kuti mpamba ubwerere. Amene angatchule magulu oterewa m'dera lake, ndipo ena mwa iwo afunsa kale mtengo, agule. Amene makasitomala ake onse ndi oimba okhaokha pa biti asunge 2i2 yakeyo, akonze chipinda, ndipo kwaya ikabwera abwereke zida kwa mnzake pa tsikulo mpaka magulu achuluke.