Nyumba zamakono zikuwotcha eni ake

Mwezi wa October ukafika, nyumba zambiri zatsopano ku Lilongwe ndi ku Blantyre zimasanduka ng'anjo. Malata otsika, mazenera aakulu oyang'ana kumadzulo ndi mpanda wautali zimatsekera kutentha m'kati, ndipo magetsi a ESCOM akathima, fani imatsala chokongoletsera.

Chikhalirecho mankhwala ake makolo ankawadziwa: khonde lotambalala lotchinga dzuwa kuti lisaombe khoma. Pamenepo pangofunika siling'i, mpata wotulukira mpweya wotentha kudenga, ndi mazenera oyang'anizana kumpoto ndi kummwera kuti mphepo izidutsa. Francis Kéré, yemwe adalandira mphotho ya Pritzker mu 2022, adatukula malata pamwamba pa makoma a njerwa zadothi pasukulu ya ku Gando, m'dziko la Burkina Faso. Kuno ambiri akugwetsabe mtengo wamango pabwalo kuti galimoto ipeze poima.