Musiyeni gulo pamtengo pake

Kwathu ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, mwezi wa Juni kumazizira koopsa. Dzuwa likangotuluka, gulo amakakamira pathunthu la mtengo n'kumawothera, uku akugwedeza mutu wake wobiriwira uja. Akafundidwa amazembera kumthunzi. Abuluzi sapanga kutentha m'thupi monga ife. Amachita kukutapa kunja, ndipo akazizidwa chakudya sichigayika m'mimba.

Tsiku lina mng'ono wanga anagwira gulo, namuika m'chitini n'kuchisiya padzuwa poganiza kuti akumuchitira chifundo. Pofika masana gulo anali atauma. Dzuwa analipeza ndithu, koma pothawira panalibe.

Ndinakumbukira zimenezi nditawerenga za bearded dragon, mbale wake wa gulo wa ku Australia, amene azungu amaweta m'nyumba. Khola lake limafuna babu lotenthetsa mbali imodzi mpaka madigiri pafupifupi 40, pomwe mbali inayo izikhala yozizirirapo, cha m'ma 25, kuti nyamayo izisankha yokha pokhala. Pamafunikanso nyali ya UVB, apo ayi mafupa amafewa chifukwa thupi limalephera kugwiritsa ntchito kashiamu. Nyalizi zimayaka maola ngati 12 patsiku, usiku n'kuzithimitsa.

Tsono ine ndikuti kuno kwathu, kumene magetsi amathima osatsanzika ndipo midzi yambiri sinawaone n'komwe, woweta nyama yotere akungoizunza. Anapiye omwe timachita kugona nawo maso ndi mbaula ya makala. Mnzanga wina akuti sola ingathandize. Kaya. Batire lolephera kutchaja foni kukachita mitambo masiku atatu lingasunge madigiri 40 tsiku lonse?