Lamya ya M'manja ndi Buku la Mkaka ku Palabana

Mlimi wa ng'ombe za mkaka ku Palabana, m'boma la Chongwe, amapereka mkaka wace m'mawa uliwonse, koma ndalama amalandira patapita masiku. Pakati pa tsiku lopereka ndi tsiku lolandira, cuma cace conse cimagona m'buku la kalaliki wa bungwe. Tsamba likanyowa kapena nambala ikalembedwa mokhota, mlimi alibe umboni wina koma kukumbukira kwace. Kodi lamya imene ili m'thumba mwace singathe kumusungira umboni umenewo? Ingathe ndithu, cifukwa makampani a lamya anatsegulira njira anthu olemba mapulogalamu a kompyuta.

Kale munthu wofuna kuti kompyuta yace itumize uthenga ku lamya za anthu anayenera kudziwa kayendedwe ka makina a m'kati mwa kampani ya lamya, nzeru imene inali ndi akatswiri owerengeka cabe. M'caka ca 2003 gulu la makampani lochedwa Parlay Group linatulutsa malamulo a Parlay X, ocepetsa nchito imeneyi. Njira yotere imachedwa API, ndipo ifanana ndi windo la ku positi. Wotumiza kalata amangolemba keyala monga mwa lamulo naipereka pa windo. Za galimoto imene idzanyamule thumba la makalata sizimukhudza. Momwemonso pulogalamu imapereka nambala ndi mau kudzera pa intaneti, ndipo kampani ndiyo imafikitsa uthengawo.

Alimi a m'dziko muno analawako phindu la lamya kalekale. Mu 2006 bungwe la Zambia National Farmers Union linayambitsa nambala ya 4455, kumene mlimi anali kutumiza dzina la mbeu nalandira mitengo ya ogula. Nthawi imeneyo nchito yotere inafuna bungwe lalikulu. Makono zipangizo zafika pafupi. Kampani ya Africa's Talking, imene inayamba ku Nairobi mu 2010, imapatsa olemba mapulogalamu njira yotumizira mauthenga m'maiko ambiri a mu Africa. Kampani ya MTN inatsegula API ya MoMo ku Uganda mu 2018, ndipo pambuyo pace inafika ndi kuno ku Zambia. Ndi imeneyi pulogalamu itha kupempha malipiro kapena kulipira anthu ambiri pa lamya zao. Ilinso ndi malo oyeserako, kumene wophunzira amatumiza ndalama zongoyerekeza, kotero kuti akalakwitsa palibe ngwee ya munthu imene imatayika. Ku Lusaka, malo a BongoHive, amene anatsegulidwa mu 2011, akhala akusonkhanitsa acinyamata ophunzira nzeru zotere.

Motero bungwe la alimi a mkaka lingathe kulemba mnyamata kapena mtsikana mmodzi wodziwa nchitoyi. Kalaliki akalemba malita, nthawi yomweyo uthenga ufika pa lamya ya mlimi wonena tsiku ndi kuculuka kwa mkaka. Mwezi ukatha, mlimi awerengetsa yekha asanapite kukalandira.

Koma akomiti asathamangire coonetsedwa cokongola. Olemba mapulogalamu ambiri amakonda lamya zodula zokhala ndi zithunzi, pamene m'midzi anthu ambiri ali ndi lamya zazing'ono za mabatani. Cimene cimagwira pa lamya iliyonse, popanda kugula intaneti, ndi uthenga wa SMS ndi njira ya USSD, ija yoyamba ndi nyenyezi imene anthu amaonera ndalama zotsala. Uthenga umodzi wa SMS umalola zilembo 160 cabe, ndipo mau a Cinyanja ngotalika, cotero wolemba waulesi amathawira ku Cingelezi nasiya agogo eni ng'ombe akufunsa adzukulu. Apa akomiti aumirire: mau afupikitsidwe, koma akhale m'cinenero ca mwini mkaka.

Palinso za mtengo. Manambala aafupi onga 4455 ali m'manja mwa bungwe la Boma la ZICTA, ndipo sapezeka mwaulere. Uthenga uliwonse nawonso uli ndi mtengo wace. Mamembala adziwiretu ngati ndalamayo idzacotsedwa pa lita kapena m'thumba la bungwe. Cacikulu koposa ndi umwini wa zolembedwa. Maina, manambala a lamya ndi malipiro a alimi zimatetezedwa ndi lamulo la Data Protection Act la 2021, koma pangano lolembedwa liyenera kunena poyera kuti zonsezi nza bungwe, ndi kuti wolemba pulogalamu akapeza nchito kwina adzasiya mau acinsinsi otsegulira m'manja mwa mlembi ndi msungicuma. Buku la pepala nalonso lisatayidwe, pakuti tsiku limene magetsi azima kapena neteweki yasowa, ng'ombe zimakamidwabe ndipo malita ayenera kulembedwa.