Pakhonde la Zamakompyuta: Tiyese Kaye Tisanakhulupirire

Ambiri a ife sitinaiwale Lachisanu la pa 19 July 2024, pamene makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anasiya kugwira ntchito pa dziko lonse. Maulendo a ndege analephereka, ndipo ku England zipatala zambiri zing'onozing'ono zinavutika kutsegula mbiri za odwala. Gwero lake linali fayilo imene kampani ya CrowdStrike inatumiza m'makompyutawo. Kampaniyo inafotokoza pambuyo pake kuti fayiloyo inkafuna zinthu 21 pomwe pulogalamu yoiwerenga inkapereka 20 zokha, ndipo mayeso amene anachitidwa kale sanakhudze bwino chinthu cha nambala 21.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa nafenso, m'mabungwe athu, tayamba kudalira mapulogalamu ang'onoang'ono olembedwa ndi achinyamata athu. Ena amawerengera zopereka za mamembala, ena amasunga kaundula wa thumba lothandiza kutumiza maliro kumudzi. Pulogalamu yotere ikalakwitsa n'kuonetsa kuti banja lina silinapereke, banjalo lingamanidwe thandizo pa tsiku lomwe likulira. Ndiye chifukwa chake tikulankhula za chida choyesera mapulogalamu pachokha, munthu osayang'ana mzere uliwonse.

Titenge pytest, chida chaulere choyesera mapulogalamu olembedwa m'chinenero cha Python. Timachiika pakompyuta polemba lamulo lakuti pip install pytest. Kenako timapanga foda ya mayeso, ndipo dzina la fayilo iliyonse mmenemo liyambe ndi test_, chimodzimodzinso dzina la yeso lililonse, pakuti pytest amazindikira mayeso ndi dzina limeneli. Mu fayilo yotchedwa pytest.ini timalemba testpaths kusonyeza foda yomwe muli mayesowo, kuti chidacho chisamafufuze malo osayenera.

Yeso lenilenilo ndi funso lomwe yankho lake tikulidziwa kale. Membala wopereka mapaundi 10 mwezi uliwonse kwa miyezi 12 ayenera kuoneka kuti wapereka 120. Timalemba zimenezi ndi mawu akuti assert, kenako timalamula kuti pytest. Yeso likapambana pamaoneka kadontho, likalephera pamaoneka chilembo F pamodzi ndi mzere umene walakwika. Tikawonjezera -x chidacho chimaima pa vuto loyamba, pomwe --lf amabwereza mayeso okhawo amene analephera ulendo wapita.

Apa ndi pofunika kudekha. Chidachi sichiganiza, chimangofunsa mafunso omwe tachipatsa. Tikangoyesa membala wopereka mokhulupirika mwezi ndi mwezi, madontho adzadzaza, mtima udzakhala pansi, koma mpata udzatsala ngati uja wa nambala 21. Tiyesenso amene anadumpha miyezi itatu n'kulipira pakamodzi, amene analipira kawiri molakwitsa, ndi amene analowa pa 29 February. Tisaiwale maina athu: ambiri ali ndi ng' monga mu liwu lakuti ng'ombe, ndipo kachizindikiro kameneka kamasokoneza pulogalamu yolembedwa mosasamala ikamalemba mu database. Ena amalembanso ŵ, yomwe ingasanduke zilembo zosamveka. Mlendo amene analemba buku lophunzitsa Python sangatiganizire zimenezi. Ndi udindo wathu.

Chenjezo lina n'lakuti mayeso asamayendetsedwe pa kaundula weniweni. Yeso lochotsa membala likaloza ku database yeniyeni, lidzachotsadi munthu. Tipange maina ongopeka, ndipo pytest ali ndi njira yotchedwa fixture yokonzera zinthu zoyeserazo mwatsopano pa yeso lililonse.

Pomaliza, tisadalire kukumbukira kwa munthu amene wabwera kuntchito ya usiku atatopa. Ngati pulogalamu yathu imasungidwa pa GitHub, tingakonze GitHub Actions kuti iziyendetsa mayeso nthawi iliyonse wina akasintha kanthu. Ndipo vuto likapezeka, tiyambe talemba yeso loligwira, kenako tikonze, kuti lisadzabwerenso mwakachetechete.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pamsonkhano ukubwerawu, amakomiti tiwafunse achinyamata athu mwaulemu kuti atisonyeze mayeso a pulogalamu yosunga ndalama zathu, ndipo tiwathandize kuganizira zomwe zimachitikadi pakati pa mamembala. Tikumanenso pakhonde lomweli mwezi wamawa.