Chiwewe sichifunsa mtundu wa galu

Malonda a tiagalu toyera ta ubweya wambiri, omwe anthu anazolowera kuwaona m'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe ndi Blantyre asanalowe pa Facebook ndi WhatsApp, akufika tsopano m'nyumba zopumuliramo za m'mphepete mwa nyanja pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay, ndipo akuluakulu oyenera kuwayang'anira angopinda manja. Kagalu kamachotsedwa kubere kasanakwanitse masabata 8, kamapatsidwa dzina la mtundu wosowa kuti mtengo ukwere, kenako kamagulitsidwa popanda khadi la katemera.

Mitundu yosowayo ilipodi. Umodzi ndi Coton de Tulear, wachibale wa Maltese, womwe unatenga dzina ku doko la Toliara kum'mwera chakumadzulo kwa Madagascar, ndipo kale unkawetedwa ndi mabanja achifumu a Amerina. Galuyu amalemera makilogalamu pakati pa 4 ndi 6, amakonda kukhala pafupi ndi mwini wake, ndipo ubweya wake ndi wautali, wofewa ngati thonje. Bungwe la American Kennel Club, lomwe limalemba kaundula wa mitundu ya agalu ku America, linamuvomereza mu 2014. Popeza galu weniweni wa mtundu umenewu amabwera ndi mapepala osonyeza makolo ake, kagalu kogulidwa pa windo la galimoto sikangakhale iye, ndipo wogulitsa amene amakatchula dzina lotere akuba masanasana.

Ngakhale kakanakhala kenikeni, pa Nkope, m'dera lomweli la m'mphepete mwa nyanja, si malo osungirapo galu wotere mwachisawawa. Ubweya wautaliwo ukapanda kupesedwa kangapo pa sabata umapotana n'kupanga mfundo, ndipo pansi pa mfundozo pamabisala mchenga, nthata ndi nkhupakupa zomwe zimafalitsa matenda owononga magazi. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene mchenga wa pagombe umawotcha mapazi, kagalu kosiyidwa pa chingwe popanda mthunzi ndi madzi kamapuma mwawefuwefu mpaka kukomoka.

Chokwiyitsa kwambiri ndi maganizo a eni ake ena akuti galu wa m'nyumba safunika katemera, pakuti chiwewe ndi matenda a agalu achikuda ozungulira pa thandala la usipa, choncho njira yabwino n'kungowaombera agaluwo. Maganizo amenewa ndi umbuli wa anthu omwe amayesa kuti mtengo wa chinthu ndiwo chitetezo chake. Chiwewe, matenda owononga ubongo omwe amalowa m'thupi kudzera m'malovu a nyama yoluma, sichifunsa dzina la galu, sichifunsa ndalama zomwe anamugulira, sichifunsanso ngati amagona pa sofa kapena pa phulusa. Kagalu kogulidwa pamsewu, komwe mayi wake palibe amene anamuona, ndi koopsa kwambiri chifukwa ana amakanyamula n'kumakapsompsona. Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia, ndipo zizindikiro zikangoonekera pafupifupi munthu aliyense amafa.

Kuombera agalu sikuthetsa matendawa, chifukwa m'malo mwa ophedwawo mumalowa ena osabayidwa. Chomwe chimadula kufala kwake ndi kubaya katemera agalu 70 mwa 100 alionse m'dera. Komanso galu wachikuda amene akunyozedwayo, yemwe akatswiri amamutcha Africanis, si mlendo kuno. Anafika kum'mwera kwa Africa zaka zoposa 1,000 zapitazo pamodzi ndi alimi oyamba osula zitsulo, anthu a nyengo ya mbiya zakale zomwe Keith Robinson anafukula pa Nkope pomwepa, ndipo thupi lake linazolowera dzuwa ndi nkhupakupa za kunyanja. Chimene akusowa ndi jakisoni, jakisoni yemweyo amene kagalu ka m'nyumba kakusowa.

Oyang'anira ziweto aletse kugulitsa ana agalu opanda khadi, ndipo afike ndi katemera m'midzi ya asodzi osadikira tsiku la 28 Seputembala lokumbukira matendawa. Wogula afunse khadi asanafunse mtundu, ndipo galu akakwanitsa miyezi 3 abayidwe. Aliyense wolumidwa, kaya ndi galu wachikuda kaya wa pa sofa, atsuke balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo.