"Ndi zakale izi, alamu": wofuna katundu asakhale wotchula mtengo wake

Amayi ndi atsikana anzathu, lero tikambe za mipando, matebulo, makabati ndi mabedi. Wina aseka kuti kodi nkhani zatha? Ayi, sizinathe. Koma ambirife tinaonapo zimene zimachitika maliro akangotha, achibale atakhala pansi kuti "aone za katundu". Nyumba ndi galimoto aliyense amadziwa kuti ndi ndalama, ndipo pamenepo mayi wamasiye amakhala tcheru. Pa katundu wa m'nyumba m'pamene amatipusitsa mosavuta, ndi mawu ofatsa: "Alamu, tebulo ili ndi lakale, tingolitenga likhale chikumbutso cha achimwene. Inuyo tikusiyirani sofa yatsopanoyi." Mayi mpaka kuthokoza. Sofa ija, ya matabwa a paini ndi siponji, pakatha zaka zitatu yaphwasuka. Tebulo lija, la mlombwa weniweni, lopalidwa ndi manja nthawi ya atsamunda, likadali nganganga, ndipo mtengo wake ukhoza kuposa wa sofa ija kangapo.

Ife tikuti munthu amene akufuna kutenga kapena kugula katundu asakhale yemweyo wotchula mtengo wake. Mtengo atchule munthu wapadera wodziwa ntchitoyo, ndipo aulembe papepala.

Tiyambe ndi lamulo, chifukwa ambiri sitilidziwa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, Deceased Estates Act, limanena kuti munthu akamwalira osasiya wilu, mkazi kapena mwamuna wotsalayo ali ndi ufulu wosunga katundu yense wa m'nyumba mwake. Ngati banja linali la mitala, mkazi aliyense amasunga za m'nyumba mwake. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, ndipo munthu akhoza kukakhala kundende mpaka zaka 10. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limatchulanso kulanda amayi katundu, kuphatikizapo wa masiye, ngati khalidwe loyenera kuthetsedwa. Ndiye tebulo lija alamu analibe nalo gawo ngakhale pang'ono. Ngati mayi afuna kuwapatsa, awapatse mwa kufuna kwake, akudziwa chimene akupereka.

Mwina mufunsa kuti, ngati lamulo lili kumbali yathu, kuwerengetsa mtengo n'kwa chiyani? Taganizirani katundu watengedwa kale, wagulitsidwa, ndipo nkhani yafika kukhoti. Woweruza afunsa kuti anatenga chiyani, ndipo chinali cha ndalama zingati. Mukati "kabati yaikulu, yokongola", winayo ati "chikabati chofumbwa, nkhuni zenizeni". Khoti silinaione kabatiyo. Popanda chithunzi, popanda pepala, mawu anu ndi ake akulemera chimodzimodzi, ndipo zimene angakubwezereni zikhoza kukhala zochititsa manyazi.

Chimodzimodzinso banja likatha. Lamulo la maukwati la 2015 limauza khoti kuti ligawe katundu mwachilungamo, poganiziranso ntchito zapakhomo zimene mayi anagwira. Koma kugawa mwachilungamo si kuwerenga mitu ya zinthu, uyu mipando isanu, uyu mipando isanu. Bedi la mbawa ndi bedi la mabolodi a utuchi onse ndi mabedi, koma si ndalama zofanana. Ngakhale pakati pa ana a mimba imodzi zimachitika: makolo akatisiya, achimwene amatenga kabati ya agogo "poti ndi yolemera, inu simungainyamule", ife n'kupatsidwa mapoto ndi zitenje.

Nanga katswiri wowerengera mtengo, amene pa Chingerezi amati valuer, amayang'ana chiyani? Amayamba ndi mtundu wa mtengo umene unapangira chinthucho. Mlombwa, mbawa ndi phingo ndi mitengo yolimba imene masiku ano ikusowa. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, unatsala pang'ono kutheratu m'phiri muja, choncho bokosi lakale la mkungudza weniweni, lija limanunkhira mukalitsekula, si chinthu chopatsa munthu mwachisawawa. Kenako amaona kalumikizidwe: kodi matabwa analowetsana okhaokha mwaluso, kapena anangokhomedwa ndi misomali? Amagwadira pansi pa tebulo, kusolola madilowa, kuyang'ana kumbuyo kwa kabati kumene kulibe polishi, chifukwa kumeneko n'kumene kumaoneka ngati mmisiri anapala ndi manja kapena ndi makina. Amaona ngati zogwirira ndi maloko zili zoyambirira, ngati mwendo wina unasinthidwa, ngati chiswe kapena anankafumbwe anadyamo. Amafunsa mbiri yake: anapanga ndani, kuti, liti? Lisiti yakale, kalata, kapena chithunzi cha ukwati wa agogo chooneka mpando womwewo ndi umboni. Pomaliza amafananiza ndi mitengo imene zinthu zofanana nazo zagulitsidwira posachedwa. M'malonda a zinthu zakale, mawu oti antique kawirikawiri amanena chinthu chimene chakwanitsa zaka 100, koma cha zaka 60 kapena 70 chopangidwa mwaluso nachonso chili ndi ogula.

Apa pali chinthu chimene ambiri chimatisokoneza. Mpando umodzi ukhoza kukhala ndi mitengo iwiri yosiyana, yonse yoona, malingana ndi chifukwa chimene mukuwerengetsera. Za inshuwalansi, funso limakhala lakuti: utapsa lero, pangafunike ndalama zingati kuti mupeze wina wofanana nawo? Mtengo umenewu umakhala wokwera. Za chuma cha masiye ndi msonkho, funso ndi lakuti: ukanagulitsidwa poyera pa nthawi imene mwiniwake anamwalira, ukanapita pa ndalama zingati? Umenewu umakhala wotsikirapo. Chuma cha masiye chikakhala chachikulu boma limadulapo msonkho potengera mtengo wake, ndiye mukapereka pepala la inshuwalansi kumeneko, banja likhoza kulipira zoposa muyezo. Muuzeni katswiriyo poyambirira kuti pepalalo likupita kuti.

Pa inshuwalansi palinso msampha. Tiyerekeze katundu wanu yense ndi wa K10 miliyoni, koma inu munalembetsa K5 miliyoni. Moto waononga zinthu za K4 miliyoni. Makampani ambiri sakupatsani K4 miliyoni yonseyo. Amati munateteza theka lokha, choncho alipira theka, K2 miliyoni. Ndipo kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Pepala lolembedwa izi zisanachitike lero likunena za dziko lina. Namondwe Freddy mu March 2023 anatiphunzitsa kuti za m'nyumba zikhoza kupita usiku umodzi, ndipo m'mawa mwake munthu sungakumbukire zonse pamtima.

Tikudziwa zimene ena anene. Ati izi ndi za anthu a ku Namiwawa ndi ku Area 10, ife akumudzi tilibe zinthu zotere. Taonaninso bwino m'nyumba mwa agogo. Abambo amene anapita ku Wenela ndi ku Theba anabwera ndi mabokosi, mawotchi apakhoma ndi makina osokera. Amisiri ophunzira kumishoni anasiya mipando ya ndalema, matebulo ndi makabati m'midzi yambiri. Makina a Singer opalasa ndi mwendo aja, ngakhale atapanda kukhala a ndalama zambiri kwa wogula zakale, kwa mayi wamasiye ndi chakudya cha ana ndi fizi. Tinene zoona, si chakale chilichonse chili ndi mtengo. Zina n'zakutha basi, ndipo katswiri wachilungamo adzakuuzani choncho. Kumva zimenezo kwa munthu amene alibe nazo phindu n'kosiyana ndi kuzimva kwa amene waimika kale lole panja.

Ena ati kulemba katundu mwamuna ali moyo n'kumulosera imfa, kapena n'kukonda chuma. Amayi, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Bambo wokonda banja lake ayenera kukhala woyamba kutenga cholembera, chifukwa pepalalo likuteteza ana ake omwe. Ndipo imfa sisankha: mawa akhoza kukhala iyeyo wotsala, akulimbana ndi abale a mkazi.

Vuto lenileni ndi lakuti akatswiriwa amalipiritsa, ambiri ali m'tauni, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi ya nyumba ndi malo. Ndiye tiyambe ndi zimene tingathe tokha sabata ino. Tengani foni, jambulani chinthu chilichonse kutsogolo, kumbuyo ndi pansi. Lembani m'kope dzina lake, kukula kwake, mtengo umene unapangira ngati mukuudziwa, amene anagula kapena kupanga, ndi chaka. Zimene munabwera nazo kuchokera kwanu, kapena munagula ndi ndalama zanu za geni kapena za banki mkhonde, zilembeni padera. Zithunzizo tumizani kwa mchemwali kapena mnzanu wodalirika, kuti foni ikatayika umboni usatayike. Kalipentala wachikulire wa m'dera lanu akhoza kukuuzani mtundu wa mtengo ndi ndalama zimene angalipiritse kupanga china chotero lero. Limenelo si lipoti la katswiri, koma ndi poyambira.

Chinthu chikaoneka kuti n'chamtengo, kapena nkhani ikupita kukhoti, pamenepo funani katswiri wovomerezeka. Lipoti lake likhale ndi tsiku, zithunzi, miyezo, chifukwa chowerengera, njira imene wapezera mtengowo, dzina lake ndi siginecha. Gwirizanani malipiro ake asanayambe, ndipo asadalire kukula kwa mtengo umene atchule. Akangoti "mayi, ndingogula ndine", dziwani kuti wasiya ntchito imene munamuitanira. Chinanso, musathamangire kupala tebulo lakale ndi sandipepa kapena kulipaka penti kuti liwale. Ogula zakale amafuna nkhope yake yoyambirira, ndipo penti ikhoza kugwetsa mtengo.

Kwa amene mukulemba wilu, tchulani zinthu ndi mayina ake: "kabati ya mbawa ya pabalaza ipite kwa mwana wanga wamkazi woyamba". Musangoti "katundu agawane". Wilu ilembedwe, isainidwe pamaso pa mboni ziwiri, ndipo ndi bwino mbonizo zikhale anthu amene sakulandirapo kanthu.

Kwa mafumu ndi akuluakulu a mipingo amene mumaitanidwa pokambirana za masiye, pempho lathu ndi ili: pasatuluke ngakhale mpando umodzi m'nyumba ya maliro zonse zisanalembedwe, mayi wamasiye ali pomwepo ndi munthu wa kuchimake kapena mnzake womuimira. Ndipo inu mayi amene katundu wanu wanyamulidwa kale, musati zatha. Pitani ku Victim Support Unit ya polisi yapafupi, kwa a DC, kapena ku Legal Aid Bureau, mutanyamula zithunzi ndi mapepala alionse amene muli nawo.

Tiuzeni m'munsimu, osatchula mayina a anthu: m'nyumba mwanu chinthu chakale kwambiri n'chiyani, ndipo munachijambula kale? Ngati simunatero, jambulani lero, kenako tumizani uthengawu kwa mayi mnzanu.