Sukulu za kwacha zisathere pa kulemba dzina

Kuyambira mu 1986, pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuwerenga, sukulu za kwacha zathandiza amayi ndi abambo ambiri a ku Chikwawa ndi ku Nsanje kusiya kudinda chala. Izi n'zoyamikika. Vuto n'lakuti maphunziro akatha, satifiketi ikaperekedwa, gulu limabalalika. Amene sanagwirenso pepala amayamba kuiwala, ndipo mphunzitsi, amene kangachepe kake kamabwera mochedwa, amabwerera ku dimba.

Ife tikuti magulu amenewa asamabalalike. Azikumanabe kamodzi pa mwezi, pa tsiku lodziwika, n'kuitana munthu mmodzi wodziwa bwino nkhani inayake kuti adzalankhule, kenako adzafunsidwe mafunso mpaka anthu atakhutira.

Tikunena izi chifukwa chigwa cha Shire chikusintha msanga, koma eni ake sakufotokozeredwa mokwanira. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yopatutsa madzi ku Kapichira, cholinga chake ndi kuthirira mahekitala opitirira 40,000. Kuti mlimi apindule nayo ayenera kuphatikiza munda wake ndi ya anzake, kulowa m'kopaletivu, ndiponso kulembetsa malo ake motsatira lamulo la malo a makolo la 2016. Taganizirani mayi wa kwa Katunga kapena kwa Maseya amene akusainira munda umene anamusiyira agogo ake. Sukulu ya kwacha inamuphunzitsa kugwira cholembera, koma siinamuuze tanthauzo la pepala limene akusainalo. Mafunso ali nawo ndithu. Gawo langa liwerengedwa bwanji? Phindu lizigawidwa liti? Ndikamwalira, ana anga adzalowa m'malo mwanga? Nanga ndikafuna kutuluka? Alimi a nzimbe a ku Phata ndi ku Kasinthula anayenda kale njira imeneyi, anaona zokoma ndi zowawa zake, kuphatikizapo ngongole imene inasautsa Kasinthula kwa zaka zambiri. Mmodzi wa iwo ataima pamaso pa gulu angamveke bwino kuposa chikalata chilichonse chochokera ku Lilongwe.

N'chimodzimodzinso nkhani ya madzi osefukira. Mu Januwale 2015 madzi anakokolola midzi, mu 2019 kunabwera namondwe Idai, mu 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo mu Malichi 2023 Freddy anadzamaliza zotsala. Anthu a ku Makhanga akhala akuuzidwa kwa zaka kuti asamukire kumtunda, ndipo ena akamazengereza amanenedwa kuti ndi osamva. Koma munthu amene chakudya chake chimachokera m'dimba la m'mbali mwa Ruo ali ndi funso loyenera kuyankhidwa: kumtundako ndikadya chiyani? Funso lotere silifunsika mu kampu, madzi ali m'khosi. Limafunika Julayi, kunja kuli bata, wa ku ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi atakhala pa benchi limodzi ndi anthu.

Olankhula sangasowe. Mlangizi wa ziweto ali ndi zambiri zoti anene pa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, amene akabuka misika ya ng'ombe imatsekedwa. Woweruza milandu angafotokoze lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene amasiye ambiri amalimva katundu atalandidwa kale. Ndipo tisaiwale kuti nzeru sizikhala m'maofesi mokha. Akuluakulu osunga kachisi wa M'bona ku Khulubvi ali ndi mbiri imene ana a sukulu za masiku ano saidziwa, ndipo msodzi wokalamba wa ku Elephant Marsh amadziwa za ng'ona ndi mvuu zimene ngakhale ophunzira angamvetsere.

Chimene chingaphe ganizoli tikuchidziwa: alawansi. Tazolowera kuti msonkhano ndi wa ku loji, wa zakumwa ndi envulopu, moti wantchito wa boma akaitanidwa pansi pa mtengo wa bwemba amayamba wafunsa za mafuta a njinga yamoto. Mlangizi amalipidwa kale kuti azilangiza. Maola awiri pa mwezi si ntchito yapadera. Andale nawonso atalikire, chifukwa akangolowa ndi nsalu za chipani theka la gulu lisiya kubwera. Wolankhula alankhule Chisena kapena Chimang'anja chomveka, osati Chingerezi chosakaniza. Wayilesi za m'dera monga Gaka FM ndi Nyanthepa zingajambule zokambiranazo kuti amene ali kutsidya la Shire amve nawo.

Tikupempha makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, kudzera mu ofesi ya chitukuko cha m'madera, kuti asankhe magulu angapo a kwacha oti ayambirepo, ndipo alembe ndandanda ya olankhula a chaka chonse. Mafumu apereke malo ndi kulengeza tsiku. Ntchito imeneyi siyofunika kudikira thandizo la kunja, ndipo iyambe mvula isanagwe.